MIG yoyenda nayo pa zitsulo zochindikala, ndigule iti?

Uthenga uwu wachokera kwa m'bale wathu wa ku Makawa:

"Moni akulu. Ine ndili ndi kashopu kowotcherera, ndakhala ndikupanga mageti ndi mawindo ndi ka inverter ka marodi. Pano ndayamba kupeza ntchito zazikulu, masitandi a mathanki a madzi m'malodge, kukonza matelala a thirakita, mafelemu a zigayo, zitsulo zake za 8mm, 10mm pena mpaka 12mm. Marodi akundichedwetsa heavy. Ndikufuna MIG yamphamvu koma yoti ndizitha kuyikweza pa pickup kupita nayo komwe kuli ntchito. Ndaona pa Facebook ina yaing'ono yolembedwa 300A yotchipa, ina 250A yodula pafupifupi kawiri. Ndigule iti? Ndikuopa kutaya ndalama."

Achimwene, mtima pansi, ndipo ndalamazo musatumize kaye. Mwachita bwino kufunsa musanagule, ambiri amabwera makina ali kale pakona mushopu atafunditsidwa thumba. MIG, makina owotcherera ndi waya m'malo mwa marodi, ikuthandizanidi, zimenezo nzoona, waya amangobwera yekha osaimaima kusintha rodi, ndipo pa ntchito ya ma weld ataliatali ngati felemu ya telala mukhoza kuweruka dzuwa likadalipo. Koma pa ntchito mwatchulayi, kuno kunyanja, chomwe chingakusankhireni makina ndi magetsi omwe mukawapeze ku site, mphepo, komanso waya amene mungamupeze mosavuta. Nambala yapabokosi imabwera kumapeto.

Tiyambe ndi ya 300A yotchipayo. Muuzeni wogulitsayo akujambulireni kachipepala kachitsulo kamene kamakhala kumbuyo kapena pansi pa makina, osati kutsogolo komwe kuli zilembo zikuluzikulu. Pamenepo pamakhala kathebulo, mzere wapamwamba pali X ndi maperesenti, mwina 30%, 60%, 100%, m'munsi mwake pali I2 ndi ma amp ake. Ndiyo duty cycle imeneyo. Amawerengera pa mphindi 10, ndiye akalemba 250A pansi pa 60% akutanthauza kuti muwotcherera mphindi 6 pa 250A, mphindi 4 makina apume. Makina ambiri otchipawa mukawona kumbuyoko mupeza kuti 300 ija palibe n'komwe, kapena ili pa 10 kapena 15%, ndipo pa 60% pali 150 kapena kucheperapo. Ena kathebuloko kamanamanso, ndiye onaninso I1max, ma amp omwe makina amakoka kukhoma. MIG yoona ikamatulutsa 250A imakhala pa ma volt 26 ndi theka, mukachulukitsa ndi ma kilowatt 6 ndi kanthu pa arc pokha, tisanawerengere zotayika mkati. Pa magetsi athu a 230V makina otero amakoka ma amp kuyambira 35 kupita m'mwamba. Ndiye mukaona I1max ya 20 kapena 25, kachingwe kakeko kowonda, kumapeto kuli pulagi wamba wa 13A, dziwani kuti 300A mulibemo.

Chinanso, muonetsetse kuti duty cycle ayiyeza pa 40°C, monga umanenera muyezo wa IEC 60974-1 womwe makampani odalirika amautsatira. Ena amayeza pa 25°C kapena 20°C kuti nambala ioneke yokoma. Inu mukuyidziwa Mangochi ya October ndi November, mushopu ya malata masana thukuta limachita kuyenderera m'helemeti, ndiye makina oyezedwa pozizira kuno azingozima kanyali kachikasu kali ngwee, inu muli pamwamba pa sitandi kudikira. Ine pa zitsulo za 8 mpaka 12mm ndimafuna makina opereka 200A pa 60% kapena kuposera, ndipo amenewo nthawi zambiri ndi aja amawatcha 250.

Tsopano magetsi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri amalirira. Soketi wamba yam'nyumba ili ndi fyuzi ya 13A mupulagi, ndiye ndi pafupifupi ma kilowatt 3 basi. Pamenepo olo mugule makina abwino bwanji, mukadutsa cha m'ma 130 kapena 140A powotcherera fyuzi ipsa kapena soketi iyamba kununkha pulasitiki. Ndaonapo anyamata akuchotsa fyuzi nkumangapo waya wakopa, chonde musatero, moto wake umayambira mkati mwakhoma. Kushopu kwanu itanani electrician wa laisensi akukokereni line yakeyake kuchokera pa DB, bokosi lija la ma breaker, breaker ya 32A kapena yomwe buku la makinawo lanena, waya wa 6mm, ndi soketi ija yabuluu yamafakitale. Ameneyo akuuzaninso ngati mita yanu ndi line ya ESCOM yobwera pamalopo zingapirire, chifukwa malo ena amene ali kumapeto kwa line, kutali ndi thiransifoma, madzulo magetsi amatsika moti arc imangochita phwephwephwe ndipo mumayamba kukayikira makina pomwe vuto si makina.

Ngati pamalo panu pali three phase ya 400V, monga pafupi ndi chigayo, MIG ya three phase imawotcherera mosalala kwambiri ndipo 300A yeniyeni imapezeka kumeneko. Koma mwati mukufuna kuyenda nayo. Ku lodge, kumunda komwe telala yathyokera, ku Namwera kapena ku Malindi, three phase simukaipeza paliponse, ndiye makina a three phase akumangirirani pashopu. Kwa inu ndi single phase, ndipo ngati thumba lilola sankhani yolembedwa PFC. Imakoka ma amp ochepa pa ntchito yomweyo, imapirira magetsi akamakwera ndi kutsika, komanso imagwirizana ndi jenereta ndi extension yaitali.

Jenereta nayo, kaja ka 2.5 kapena 3kVA kowonera mpira iwalani. MIG ya 200A imafuna jenereta ya cha m'ma 8kVA, ya 250A yesetsani 10kVA kupita m'mwamba, ndipo ikhale ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa ma volt. Jenereta yaing'ono mukangoyatsa arc imagwada, mukasiya imathamanga ma volt nkudumpha, ndipo kudumpha kumeneko ndi komwe kumaotcha board ya inverter. Muzilitsa jenereta kaye ikhazikike kenako kuyatsa makina, pomaliza muyambe kuzimitsa makina. Extension ikhale ya 4mm ngati ndi yaitali, ndipo muifunyulule yonse pa chokulungiracho, ikakhala yokulungidwa imatentha. Ndiye mukamawerenga ndalama za MIG yoyenda nayo, jenereta muiwerengere pomwepo, apo bii muzikakhala ku site kudikira magetsi abwere.

Kenako mphepo. MIG wamba, ya waya wosalala uja ER70S-6, imadalira gasi kuti aphimbe chitsulo chosungunuka, kaya CO2 yekha kaya wosakaniza argon ndi CO2. Gasiyo amatuluka pa torch pang'onopang'ono, malita 10 mpaka 15 pa mphindi, kamphepo kochepa kokha kamamuuluza. Tsono ganizirani mwera wa June ndi July m'mbali mwa nyanja, uja asodzi amakokera mabwato kumtunda, inu muli panja mukumanga sitandi. Weld yake imatuluka tizibowo tokhatokha, ndipo mukapala ndi girayinda mupeza tapitirira mpaka mkati. Kuonjezera gasi sikuthandiza kwenikweni, mungomumaliza msanga. Mukhoza kutchinga ndi malata kapena tenti, pansi zimatheka, koma mamita 6 m'mwamba mutchinga bwanji?

Komanso gasiyo mumupeza kuti? Ambiri timadalira ku Blantyre kapena Lilongwe, kwa Afrox ndi ena ogulitsa gasi, ndiye pali za silinda, dipoziti, thiransipoti yodutsa pa Liwonde kupita ndi kubwera. Silinda yaikulu yokha imapitirira makilo 50. Makina akhoza kukhala opepuka oti mnyamata mmodzi anyamula, koma mukaonjezera silinda, waya wa 15kg ndi jenereta, mawu oti yoyenda nayo aja asintha. Funsani mtengo wodzazitsa ndi m'mene muzitumizira musanagule makina. CO2 yekha ndi wotchipa, amalowa mkati bwino pa chitsulo chochindikala koma amathetheka kwambiri, ndipo mukamagwira nthawi yaitali regulator imaundana, ndiye pezani ija ili ndi heater. Wosakaniza amapereka weld yoyera yosavuta kupala koma mtengo wake ndi wina.

Nchifukwa chake kwa munthu wogwira panja ndimati makina anu akhale otha kugwiritsa flux core, waya uja wamphako wokhala ndi mankhwala mkati, wosafuna gasi. Ameneyu mphepo samuopsa kwambiri, amalowa mkati bwino, ndipo silinda mumaisiya kushopu. Amatulutsa utsi wambiri ndi makoko ofunika kugogoda ngati rodi, komanso pa kilo ndi wodula kuposa waya wosalala. Kuti agwire bwino pakufunika zinthu ziwiri pa makina. Choyamba polarity izitha kusinthidwa, chifukwa waya wosalala amafuna torch pa positive pomwe flux core wopanda gasi wambiri amafuna torch pa negative. Tsegulani chitseko cham'mbali muone ngati pali ma terminal awiri osinthira kapena kachingwe kakafupi kutsogolo. Chachiwiri ma roller okoka waya akhale aja amanomano, chifukwa osalala amaterera, ndipo mukawamanga kwambiri amamuphwanya wayayo poti ndi wamphako.

Koma apa mvetsetsani bwino, flux core si mmodzi. Wolembedwa E71T-GS, amene wadzaza m'mashopu pa timaspool ta 1kg, ndi wa pass imodzi, kutanthauza mzere umodzi wokha wa weld, pa zitsulo zopyapyala, mageti, malata, zotero. Musamangire sitandi ya thanki ameneyo. E71T-11 amalola ma pass angapo koma nayenso opanga amamuikira malire, waya woonda wa 0.9 kapena 1.1 ena amati asapitirire chitsulo cha 8mm, ndiye muziwerenga pepala la wayayo. Wa zomangamanga zolemera wopanda gasi ndi monga E71T-8, koma ndi wokhuthala, amafuna makina akulu ndi dzanja lozolowera. Palinso E71T-1 amene ndi flux core koma wofuna gasi, pa 1.2mm ndi CO2 mushopu amadzaza joint ya 10 ndi 12mm mwachangu kwambiri, olo yoimirira. Ameneyo ndi amene angakuonetseni phindu la 250A.

Ndiye ka inverter kanu ka marodi musagulitse. Ndikubwereza, musagulitse. Ndipo MIG yomwe mugule ikhale ndi MMA, mbali yowotcherera ndi marodi, kuti pomwe waya walephera mulumikize holder nkupitiriza. Pa joint yonyamula katundu, panja, pamphepo, pa chitsulo cha 12mm chomwe chili ndi kadzimbiri, rodi ya 7018 ya 3.2mm pa ma amp 110 mpaka 140 ikadali yodalirika kuposa waya aliyense amene mungamupeze mosavuta kuno. Bola isungidwe pouma, 7018 imayamwa chinyezi, ndipo kunyanja kuno nthawi ya dzinja paketi yotsegula sichedwa kuonongeka. Chingwe cha holder mukhozanso kuchitalikitsa nkukwera nacho pamwamba makina ali pansi, pomwe torch ya MIG ndi mamita 3 kapena 4 basi, ikatalika kuposa apo waya amayamba kukakamira mu liner, kapaipi kodutsamo waya mkati mwa chingwe cha torch.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri munthu akachoka ku marodi kupita ku MIG ndi ichi. MIG imatha kupereka weld yooneka bwino zedi pamwamba koma isanalumikize kanthu. Rodi ikakhala yozizira mumadziwa, imamata, imakana. MIG siikana, waya amangobwerabe nkumasungunukira pamwamba pa chitsulo chozizira, mzere wake wosalala bwinobwino, kasitomala nkuyamikira. Zili ngati nsima yoti kunja yasalala koma mukaitema mkati muli ufa. Pa geti palibe amene avulale. Koma thanki ya malita 5,000 ndi matani 5 amadzi ali m'mwamba, pansi pake pamadutsa ana, ena amachapira pomwepo. Telala imanyamula matumba a chimanga pamsewu wamabampu kumbuyo kukubwera anthu apanjinga. Weld yotero imatha kukhala miyezi osaonetsa chilichonse kenako nkungosiya kamodzi.

Kapewedwe kake si ma amp okha. Owotcherera timayerekeza ma amp 40 pa milimita iliyonse ngati mukufuna pass imodzi, ndiye 6mm ndi 240A kale, kutanthauza kuti 10 ndi 12mm palibe makina onyamula pamanja amene angaimalize kamodzi. Muzisema m'mbali ndi girayinda kuti pakhale V ya madigiri 60, siyani kampata ka 2 kapena 3mm pansi, ikani root, pass yoyamba yapansi, yeretsani, kenako ma pass odzazitsa, ndipo ngati kuseri kukufikika kapaleni nkuwotchereranso. Dzimbiri, penti, mafuta ndi kachikhungu kakuda ka chitsulo chatsopano zichoke mpaka chitsulo chiwale, MIG siikhululuka pa litsiro ngati rodi ya 6013. Arc muziisunga kutsogolo kwa chithaphwi chosungunukacho, osalola chithaphwi chitsogole. Joint yoimirira pa chitsulo chochindikala muzikwera nayo, kutsika ndi kwa malata. Earth clamp igwire pa chitsulo chowala, ndipo kaja kamabwera ndi makina otchipa kachotseni mugule yamphamvu.

Makina akafika musathamangire nawo kwa kasitomala. Tengani zidutswa ziwiri za 10mm, zilumikizeni ngati T mbali imodzi yokha, mangani pa vice muzimenye ndi hamala yaikulu mpaka zitseguke. Yang'anani pothyokapo. Ngati weld yang'ambika pakati pake ndipo m'mbali zonse yadya chitsulo mpaka pangodya, zili bwino. Ngati yasupuka nkusiya m'mphepete mwa chitsulo muli mosalala momwe munadulira, ma setting anu ndi ozizira kapena mukuthamanga. Bwerezani mpaka zitheke, ndipo ma volt ndi wire speed zomwe zagwira zilembeni ndi maka mkati mwa chitseko cha makina.

Zina zoti muone pogula ndi zachangu. Torch ikhale ya Euro connector yochotseka, osati yomangiriridwa mkati, kuti ikaonongeka mungogula ina. Pa 250A pakufunika torch ya MB25 kapena MB36, kaja ka MB15 kamatentha msanga pa ntchito yolemera. Chokoka waya chikhale chachitsulo, cha pulasitiki sichikhalitsa, cha ma roller anayi ndiye bwino kwambiri pa 1.2mm. Funsani ngati imalowa spool ya 15kg kapena ya 5kg yokha. Ya 5kg ndi yopepuka kuyenda nayo koma waya pa kilo amadula, ndipo pa felemu ya telala satenga nthawi kutha. Ma tip, nozzle ndi liner gulani zapadera tsiku lomwelo, tip ndi kanthu kakang'ono koma kakatha Loweruka masana ku Monkey Bay ntchito yaima. Ndipo funsani mosabisa kuti board ikapsa amakonza ndani, ali kuti, ma spare alipo? Wogulitsa wongopezeka pa Facebook wopanda shopu yoti mungapiteko, ine ndalama zambiri chonchi sindingamupatse. Ngati mukuganizako zodzakonza maboti a aluminium, imeneyo ndi nkhani ina, imafuna argon yekhayekha ndi spool gun kapena liner ya teflon, musaisakanize ndi chisankho cha lerochi.

Waya wosalala amachita dzimbiri msanga kuno, ndiye mukaweruka muchotseni kapena mumuphimbe ndi pulasitiki, waya wadzimbiri amatseka liner. Fumbi la girayinda nalo lisamalowe mumakina, muziwaika kutali ndi komwe mukupala ndipo pakapita nthawi muziwapemerera ndi compressor atazimitsidwa.

Thupi lanunso. Kuwala kwa MIG pa 200A ndi koopsa kuposa komwe munazolowera pa rodi ya 2.5, galasi likhale la shade 11 kapena 12, malaya amanja aatali olo kutenthe bwanji, ndipo mnyamata wogwirizira chitsulo naye akhale ndi chake chotchinga, osangotembenuza nkhope. Maso akayamba kuwawa usiku ngati muli mchenga musathiremo mkaka kapena zina zomwe anthu amauzana, ngati sakusintha pofika mawa lake, kapena mukuona kuti mwalowa kachitsulo, pitani kuchipatala akachotse ndi iwo. Mapaipi a galvanised muzipala zinc kaye ndi kuwotcherera pamalo popita mphepo, utsi wake woyera uja umabweretsa kuzizidwa ndi kuphwanya thupi usiku. Flux core mkati mwa chipinda chotseka ayi. Thanki kapena mgolo womwe munali petulo kapena dizilo musauyandikize moto olo mwini wake alumbire kuti anatsuka.

Pali ntchito zina zoti musachite manyazi kufunsa kapena kukana. Sitandi yaitali ya thanki yaikulu, denga lotambalala la holo kapena tchalitchi kapena mzikiti, pamafunika injiniya anene kukula kwa zitsulo ndi maziko, weld yabwino siipulumutsa angle iron yochepa. Shasi ya lole yosweka nayo si yongothira moto, chitsulo chake ndi china ndipo opanga magalimoto ambiri amaletsa kuwotcherera kapena kuboola m'mphepete mwa felemu. Drawbar ndi hitch ya telala, zonyamulira katundu m'mwamba, cast iron ya pa chigayo, zonsezi zili ndi njira zake. Chitsulo chikafika cha m'ma 25mm chimafunanso kutenthetsa kaye. Ngati simunagwirepo MIG, pezani sabata imodzi kapena awiri mukhale pafupi ndi munthu amene amaigwiritsa tsiku ndi tsiku, kapena funsani a TEVETA za maphunziro afupiafupi m'makoleji a ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba kapena Soche ku Blantyre.

Pa makina awiri mwatchulawo, ya 300A yaing'onoyo isiyeni pokhapokha kathebulo kakumbuyo katsimikize, zomwe ndikukayika. Ya 250A itengeni ngati ili single phase, ikupereka 200A kapena kuposa pa 60% pa 40°C, polarity imasinthika, MMA ilipo, torch ndi ya Euro, ndipo muli ndi pokakonzetsa. Ngati ndalama sizikukwana makina, line ya 32A ndi jenereta zonse pakamodzi, yambani ndi makina ndi line yakushopu, muzidula ndi kulumikiza zambiri pashopu pomwepo ndi MIG ya gasi, ku site muzikamalizitsa ndi 7018 pa ka inverter kanu kaja, jenereta yaikulu idzabwera ntchito ziwiri zitatu zikalipira. Munditumizire chithunzi cha kathebulo ka makina onse awiri ndi cha DB yakushopu kwanu tione limodzi musanalipire.